Mwana wanu alibe mnzake kuno ku Johannesburg? Pezani kaye pamene pakuvuta

Dandaulo ili limamveka paliponse pamene Amalawi a kuno takhala pansi, kaya ndi panja pa tchalitchi ku Rosettenville, kaya ndi pamaliro tikusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Mayi wina amati mwana wake akaweruka kusukulu amangodzikhomera m'chipinda ndi foni mpaka tulo. Bambo wina amati wake anali kamtsogoleri ka anzake ku Mangochi, koma chibwerere kuno anangoti zii. Winanso ali ndi mnyamata wa zaka 22 wogwira ntchito bwinobwino, koma Lamlungu lonse limamuthera pabedi poti palibe womuimbira.

Mankhwala amene makolo timathamangira ndi amodzimodzi: "Iwe, uzimasuka. Uzicheza ndi anzako." Mankhwalawa sachiza. Mwanayo akudziwa kale kuti kucheza n'kwabwino, ndipo zikumuwawa kuposa mmene zikukuwawirani inu. Chimene sakudziwa ndi choti achite ndi miyendo, maso ndi pakamwa pake pa nthawi ija wafika pafupi ndi gulu la anzake, onse akulankhula isiZulu mothamanga.

Ife sitinaphunzitsidwe ubwenzi chifukwa kwathu unkabwera wokha. Ana omwewo unkakumana nawo pamjigo, kuchigayo, pa phada, pa mpira wachikulunga, kukwaya, tsiku ndi tsiku popanda kupangana. Ukayambana ndi mnzako m'mawa, madzulo mwayanjana poti kothawira kunalibe. Kuno mwana amatuluka pageti la sukulu n'kukalowa pageti la fulati, ndipo lamulo limene tinamupatsa ndi loti akhome chitseko, asatsegulire munthu. Lamulolo sindikulinyoza, tonse tikudziwa kumene linachokera. Koma ndiye kuti ntchito imene mudzi unkagwira mwaulere yatsala m'manja mwa kholo limene limadzuka 4 koloko m'mawa kukakwera tekisi. Ubwenzi kuno ndi wochita kuphunzitsa, ndipo simungauphunzitse musanadziwe pamene mwana wanu akukanikira, chifukwa ana sakanikira malo amodzi.

Funsani mafunso oyankhika

"Uli ndi anzako kusukulu?" Yankho lake ndi "eya" nthawi zonse. Funsani zooneka ndi maso. Nthawi ya buleki umakhala pati? Umadya ndi ndani? Aphunzitsi akati mukhale m'magulu, anzako amakusankha kapena aphunzitsi amachita kukupezera gulu? Pa gulu la WhatsApp la kalasi ulipo, nanga ukalembapo amakuyankha? Musafunse onse tsiku limodzi ngati muli kupolisi. Limodzi lero mukutsuka mbale, lina mawa mukupita ku spaza. Achinyamata amamasuka manja akakhala pa ntchito ndipo palibe akuwayang'ana kumaso.

Mayankho ake adzakuonetsani mtundu wa vuto. Pali mwana wosaoneka: palibe amamuda, koma atajomba sabata yathunthu palibenso angazindikire. Ndiye pali mwana wokanidwa: amayesetsa, amalowerera nkhani, amaseketsa, koma anzake akamuona akubwera amatseka bwalo. Awiriwa safuna chithandizo chimodzi. Wosaoneka ayenera kuphunzira kuyandikira. Wokanidwa ayenera kuphunzira kubwerera m'mbuyo, ndipo ntchito yake ndi yaitali chifukwa mbiri yake inaipa kale. Ameneyu mukamuuza kuti aziyesetsa kucheza mwangosonkhezera moto. Chomuthandiza ndi kukhala phee kwa miyezi ingapo pasukulupo, osadzionetsera, kwinaku mukumupezera gulu lina kunja kumene sakumudziwa.

Tsiku la msonkhano wa makolo musafunse za malikisi zokha. Afunseni aphunzitsi a kalasi yake, kapena a Life Orientation, kuti mwanayu amakhala ndi ndani. Amaona zimene inu simudzaziona.

Alibe kokumanirana ndi anthu

Apa m'pamene pagona vuto la ana ambiri, ndipo makolo timapalumpha. Mungamuphunzitse mwana moni wa mitundu yonse, koma ngati sabata yake ndi sukulu, nyumba, tchalitchi, basi, moniwo akaupereka kuti? Ubwenzi umamera pamene anthu omwewo akukumana sabata ndi sabata pa chinthu chimene onse akuchikonda. Phwando la tsiku limodzi silibala bwenzi. Timu ya mpira imabala, kwaya imabala, gulu la zisudzo, kalabu ya chess, Scouts.

Yambani ndi za pasukulu, poti sizifuna ulendo wina. Chopinga chake nthawi zambiri ndi chopusa: galimoto yonyamula ana imanyamuka sukulu ikangoweruka, ndiye mwana sangatsalire ku masewera. Ana ambiri amene timawanena kuti ndi amanyazi, vuto lawo ndi galimoto ya 2 koloko. Kambiranani ndi woyendetsayo za tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, kapena pezani kholo la mwana wina wa timu yomweyo amene mumakhala naye dera limodzi. Ndalama ya tekisi ya masiku amenewo muiwerengere pamodzi ndi ya yunifomu, osaiona ngati yotaya.

Zaulere ziliponso. Parkrun, kuthamanga kapena kungoyenda makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, inayambira ku Delta Park mu 2011 m'dziko muno ndipo tsopano ili m'mapaki ambiri. Umangolembetsa pa intaneti, sulipira. Kwa mwana wamanyazi ubwino wake ndi wakuti palibe amamukakamiza kulankhula, ndipo akadzipereka kuthandiza nawo ntchito za tsikulo amapeza chifukwa choyankhulirana ndi anthu popanda kuchita kupeka nkhani. Malaibulale a mzinda nawo ali ndi achinyamata omwewo masana alionse, makamaka nthawi ya mayeso.

Chenjerani ndi kusankha zimene inu mumakonda. Bambo wokonda mpira amakankhira mwana ku mpira, mwanayo n'kukakhala pabenchi chaka chonse akusekedwa. Ngati iye amakonda kujambula kapena makompyuta, anzake ali kumeneko.

Nanga gulu la achinyamata la kutchalitchi kwathu kwa Amalawi, kapena la kumzikiti ku Mayfair? N'lofunika, m'mene mwana amapumira, amalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka popanda womuyang'ana modabwa. Koma ndi la tsiku limodzi pa sabata, ndipo anawo amachokera kutali ndi kutali, wina ku Tembisa, wina ku Cosmo City. Masiku asanu a sukulu mwana amakhala ndi ana a kuno. Akapanda kukhala ndi mnzake ngakhale mmodzi pakati pawo, Lamlungu silingakwirire dzenjelo.

Ana ena amadzipatula dala chifukwa tinawauza kuti asamaulule kuti ndi Amalawi, kapena chifukwa mapepala a banja sali bwino. Mwana wosunga chinsinsi sachezeka, funso lililonse amaliona ngati msampha. Muthandizeni kusiyanitsa. Nkhani ya mapepala ndi ya m'nyumba, sayenera kuuza mnzake aliyense. Koma kumene anachokera si mlandu. Muuzeninso kuti mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana sangakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Akadziwa kuti pasukulupo sakukhala mwakuba, mtima umakhala m'malo.

Amafika pagulu koma amalephera kulowa

Tinamulera bwino, ndipo pena ulemu womwewo ndi umene ukumupinga. Maso pansi, mawu otsika, kudikira mpaka ufunsidwe. Kwa agogo ake ku Ntcheu ameneyu ndi mwana wamwambo. Kwa anzake a Giredi 9 ku Turffontein ndi munthu amene sakufuna kucheza nawo, mwinanso wodzimva. Musamulande ulemuwo. Muuzeni poyera kuti pali khalidwe la pamaso pa akulu ndi khalidwe la pakati pa amsinkhu wake, ndipo kuyang'ana mnzako kumaso n'kulankhula momveka si mwano.

Malangizo ena amene timapereka ndi olakwika ndithu. "Pita ukawapatse moni, unene dzina lako." Taganizirani inuyo muli pakati pa nkhani yokoma ndi anzanu, wina n'kutulukira, kukudulani, n'kuyamba kudzitchula dzina. Akatswiri a ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, motsogozedwa ndi Elizabeth Laugeson, anakonza maphunziro otchedwa PEERS, amene amadziwika kwambiri pothandiza achinyamata a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limapinga kucheza ndi ena. Maziko ake ndi kuphunzitsa zimene achinyamata ochezeka amachitadi, osati zimene akuluakulu timaganiza kuti amachita. Ndipo zimene amachita polowa pagulu ndi izi: amamvetsera kaye, amasendera, amadikira mpata, n'kuponyapo mawu a nkhani yomwe ilipo kale. Dzina limabwera pambuyo, mwina osabwera n'komwe tsiku limenelo.

Izi sizimveka pongofotokoza, yesererani kunyumba. Inu ndi ankolo ake khalani pampando muzikangana za Orlando Pirates ndi Kaizer Chiefs ngati iye palibe. Iye abwere atagwira foni kapena botolo la madzi, aime chapatali pang'ono ngati akuona zake, khutu lili kwa inu. Akagwira mutu wa nkhani asendere. Adikire pamene mawu atsika, aponye chiganizo chimodzi: "Koma Pirates inkakoma nthawi ya Gabadinho Mhango, zigoli 16 mu ligi si masewera." Basi, atseke pakamwa, aone. Ankolo akamutembenukira n'kumuyankha, walowa. Ulendo wachiwiri ankolo amuyang'ane kamodzi n'kupitiriza kulankhula ndi inu atamupatsa nsana. Phunziro lenileni lili pamenepa. Asabwereze mokweza, asakwiye, asaime pomwepo ngati wozizidwa. Ayang'ane pafoni pake, atembenuke pang'onopang'ono, achoke ngati munthu amene wakumbukira zina. Poyamba mudzaseka nonse, iye adzati, "Amayi, zimenezi n'zauchitsiru." Pitirizani.

Muuzeni kuti ngakhale ana otchuka amakanidwa pagulu kawirikawiri, kungoti iwo sazitengera kumtima. Muthandizenso kusankha gulu. Mwana watsopano amathamangira gulu la otchuka kwambiri, lomwe ndi lovuta kulowa kuposa onse, n'kusiya ana atatu aja okhala pansi pa mtengo amene amakonda zomwe iye amakonda.

Za chinenero tisanamizane. Chingerezi chokha chimakwanira m'kalasi, koma m'masukulu ambiri nthabwala za pa buleki zimayenda mu isiZulu, Sesotho ndi zosakaniza za m'tauni. Mwana wanu safunika kudziwa zonse. Moni, kuyankha moni, kuthokoza, kupempha kuti abwereze, ndi kulimba mtima akasekedwa. Zinenerozi ndi zapachibale ndi zathu, ana amazitola msanga akapanda kuletsedwa. Makolo ena amakalipa akamva mwana akulankhula isiZulu pafoni, ati akutaya chikhalidwe. Chichewa chisungeni ndi kuchilankhula m'nyumba, osati ndi kumutsekera mwana pakamwa panja.

Macheza amafera m'njira

Walowa, koma pakangopita mphindi ziwiri nkhani yatha. Mvetserani mmene amachezera ndi asuweni ake, mudzazindikira chilema chake. Wina amayankha ndi liwu limodzi. Wina amalankhula yekha za masewera ake a pafoni mpaka mnzake kuyasamula. Wina amangofunsa, funso pamwamba pa funso. Onsewa auzeni chinthu chimodzi: funsa, mvera, nenapo zako pa nkhani yomweyo, funsanso. Cholinga si kuoneka wanzeru koma kupeza chinthu chimene nonse awiri mumakonda, chifukwa chimenecho ndi chimene mudzachitire limodzi mawa.

Pali mafunso amene kwathu ndi moni chabe koma kuno amaopsa. "Umakhala nyumba iti? Bambo ako amagwira kuti? Foniyo unagula zingati?" Mumzinda umene aliyense anaberedwapo kapena akudziwa woberedwa, mafunso otere kwa munthu wongokumana naye amamveka ngati ukazitape. Ayambe ndi mpira, nyimbo za amapiano, homuweki, aphunzitsi ovuta aja.

Pafoni lamulo likhale losavuta: mauthenga awiri akapanda kuyankhidwa, wachitatu asatumize. Wanthabwala aziyang'ana ngati anzake akuseka naye kapena akuseka iye, ndipo nthabwala imodzi saibwereza kwa anthu omwewo.

Pophunzirira pabwino ndi m'tekisi. Mukhazikeni kutsogolo pafupi ndi dalaivala, kumene ndalama za anthu onse zimafikira. Awerenge, abweze chenji kumbuyo, afunse amene sanalandire, anene yekha mokweza "short left" pofika potsikira. Inu khalani kumbuyo, musamuthandize ngakhale atasokoneza. Mwana amene wakwanitsa kufunsa anthu 15 osawadziwa kuti ndani sanalipire sadzaopanso kufunsa mnzake wa m'kalasi za homuweki.

Ubwenzi umathera pageti la sukulu

Mnzake wa m'kalasi sakhala bwenzi mpaka atayamba kuonana kunja kwa sukulu. Ana athu ambiri amaima pamenepa, ndipo chifukwa chake sachinena: manyazi ndi kumene timakhala. Chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ku Yeoville, katani pakati, hotipuleti pansi, chimbudzi cha anthu onse a m'mpanda. Mwana amene wamva mnzake akunena za chipinda chakechake sangayerekeze kumuitana.

Musakane kuti manyaziwo alipo, ndipo musamulalikire za kuyamika. Yambani ndi kunja: laibulale, paki ya pafupi masana, kukagula kota, buledi woikamo tchipisi uja, n'kudyera limodzi, kukaonera mpira wa sukulu. Koma kukumanako kukonzedwe. Ndani, kuti, nthawi yanji, mukachita chiyani, ubwera bwanji kusanade. Mnzake mmodzi, osati atatu, chifukwa atatu akakhalapo awiri amagwirizana, wotsala amakhala wanuyo. Maola awiri akwana. Kuli bwino asiyane akufunabe kucheza kusiyana n'kutopetsana. Ndipo pakhale chochita, chifukwa kungokhala n'kumayang'anana kumafuna luso limene mwanayu sanalipeze.

Imbirani kholo la mwana winayo. Ambiri timaopa izi chifukwa cha Chingerezi chathu kapena kamvekedwe ka mawu athu, koma kholo la kuno nalonso lili ndi mantha omwewo a kumene mwana wake akupita, ndipo foni ya mphindi imodzi imatsegula njira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mumzinda uno amayamba wamva kaye mawu ako.

Tsiku limene mnzakeyo adzafike kwanu, mupatseni moni, ikani mandasi ndi tiyi patebulo, kenako sowani. Kachapeni panja, kachezeni kwa aneba. Musamufunse mlendo za makolo ake ndi mpingo wake. Musamudzudzule mwana wanu pamaso pake, ngakhale atapereka kapu ndi dzanja limodzi. Ang'ono ake muwatenge. Mlendo akapita, yambani ndi kufunsa chimene chinakoma, ndipo ngati pali chokonza nenani chimodzi chokha. Ana ambiri a kuno nawonso amakhala m'zipinda zonga zathuzi, ndipo chimene amakumbukira si katani koma ngati analandiridwa.

Akumunyoza

Siyanitsani zinthu zitatu, chifukwa kuzisakaniza kumapweteka mwana.

Choyamba ndi kusereulana kwa masiku onse: mmene amatchulira "l" ndi "r" pa Chingerezi, nsapato zake, fungo la usipa m'bokosi la chakudya. Timakonda kunena kuti "ingokhala chete" kapena "ukanene kwa aphunzitsi". Kukhala chete mutu uli pansi kumamuonetsa wofooka, ndipo kukanena chilichonse kumamupatsa dzina la kazitape. Wosereula akufuna kuona kuti zakuwawa. Chimene chimamugwetsa ulesi ndi yankho lalifupi, lozizira, lonenedwa ngati munthu wotopa nazo: "Manje?", kutanthauza "Ndiye?", kapena "Okay, sharp," phewa m'mwamba, n'kupitiriza zimene umachita. Osabwezera chipongwe, osafotokoza. Izinso yesererani kunyumba, koma inu musagwiritse mawu enieni amene amamuwawa. Munyozeni za masokosi, aphunzire kamvekedwe ka yankho. Mudziwitseni kuti masiku oyamba zimakula kaye zisanachepe.

Chachiwiri ndi kupezerera: kumenya, kulanda ndalama ya chakudya, kumudikira panjira, kufalitsa zithunzi zake. Apa yankho lozizira silikwana, ndipo kwa womenya n'loopsa. Iyi ndi ntchito ya akulu. Lembani masiku ndi zimene zinachitika, sungani mauthenga musanafufute. Pitani kwa aphunzitsi a kalasi, kenako kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo dandaulo lanu likhale lolembedwa. Lamulo la sukulu la 1996, South African Schools Act, limafuna kuti sukulu iliyonse ya boma ikhale ndi malamulo a khalidwe la ophunzira. Pemphani kuti muwaone. Zikakanika pasukulu pali ofesi ya maphunziro ya chigawo, ndipo pansi pa Protection from Harassment Act ya 2011 khoti la majisitireti limatha kupereka chikalata choletsa wovutitsayo, ngakhale kuvutitsako kukuchitikira pafoni.

Chachitatu ndi kumutcha kwerekwere, dzina lonyozera anthu obwera, ndi kumuuza kuti azipita kwawo. Ife akulu timakumbukira Meyi 2008, pamene ziwawa zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, ndi Epulo 2015 pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Ndiye tikamva mawu amenewa timanjenjemera n'kumuuza mwana kuti asamayandikire ana a kuno onse. Mantha athu ndi omveka, koma mathero ake ndi mwana wopanda womuteteza. Amene angaime naye tsiku lovuta ndi mnzake wa m'kalasi wobadwira ku Soweto amene amadya naye. Mawuwo akabwerezedwa kapena akabwera ndi chiopsezo, atengereni kusukulu monga kupezerera kwina kulikonse. Koma musamuphunzitse kuti kalasi yonse ndi adani.

Anzake alipo, koma ndi omudyera

Mwana wanjala ya anzake amagula ubwenzi. Amagulira anthu data, amalembera anzake homuweki, amanyamula chikwama chimene sakudziwa za m'kati mwake. Kukalipa kuti "usiye kuyenda ndi amene aja" sikuphula kanthu ngati palibe ena oti ayende nawo. Abwerera komweko, tsopano mobisa. Mupezereni kaye kwina, ndipo mufunseni mafunso oti aganize yekha: tsiku limene ulibe ndalama amakufuna? Ukakana chinthu amatani? Unayamba wawauzapo chinsinsi n'kusachimvanso kwa ena?

Aphunzire kukana popanda kulalikira. "Ine ayi, akundidikira kunyumba." Muloleni akugwiritseni ntchito ngati chifukwa, azinena kuti mayi ake ndi ovuta, palibe chimene mutaye. Panganani liwu limene akakutumizirani pafoni mumuimbire nthawi yomweyo n'kumulamula kuti abwere, popanda mafunso mpaka mawa. Zoopsa za kuno muzitchule maina ake, mankhwala ozunguza bongo a nyaope, ma blesser aja, azibambo onyengerera atsikana ndi ndalama, ndi aja opempha kuti ndalama zawo zidutsire mu akaunti yake ya kubanki n'kumupatsa kangachepe. Apolisi akamafufuza amapeza dzina la mwini akaunti.

Wazaka 18 kupita m'tsogolo simungamukonzere macheza ngati mwana, ndipo mukayesa adzakuthawani. Khalani wofunsidwa nzeru, osati woyendetsa. Vuto la amsinkhu uwu ndi lakuti sukulu itatha, gwero la anthu okumana nawo tsiku ndi tsiku linauma, ndipo ntchito za ambiri a ife, m'nyumba za mabwana, m'minda ya maluwa, pageti usiku, ndi za munthu mmodzi. Mfundo ndi yomwe ija ya anthu omwewo sabata ndi sabata: mpira wa Lamlungu, kwaya, kosi yamadzulo ku koleji ya ntchito zamanja ya TVET, chipereganyu cha amsinkhu wake. Kuntchito aphunzire kuti nthawi ya chakudya chamasana si yobisala ndi foni, komanso kuti mnzake wa kuntchito si woti amuuze zonse sabata yoyamba. Kubwereketsana ndalama kwapha maubwenzi ambiri a Amalawi kuno kuposa miseche. Asabwereke munthu ndalama imene sangapirire kuitaya.

Mwayesa zonsezi kwa temu yathunthu, palibe chikusintha

Mwina pali china pansi pake. Mwana amene kuyambira ali wamng'ono samva nthabwala ndi mawu okuluwika, amatenga chilichonse monga chanenedwera, amasokonezeka ndi phokoso kapena kusintha kwa dongosolo, ndipo amakakamira nkhani imodzi, akhoza kukhala ndi autism. Amene amadula anzake mawu, sadikira nthawi yake, amaiwala zopangana, akhoza kukhala ndi ADHD. Si ufiti, si kulodzedwa ndi a kumudzi, ndipo si kulera koipa. Ena samva bwino chabe, ndipo pagulu la phokoso amangotayika. Sukulu za boma zimayenera kukhala ndi gulu la aphunzitsi lotchedwa School-Based Support Team loona za ana ofunika chithandizo chapadera. Pemphani kukumana nalo. Bungwe la Autism South Africa lili konkuno ku Johannesburg. Njira zonse zili pamwambazi zimagwirabe ntchito kwa ana otere, kungoti zimafuna kubwereza kwambiri ndi kunena chilichonse mosabisa.

Chosiyana ndi mwana amene anali wochezeka n'kusintha: wasiya zimene ankakonda, sagona kapena amangogona, sakudya, malikisi atsika, akunena kuti kuli bwino kulibe iye. Ameneyu musamuphunzitse kulowa pagulu, mutengereni ku chithandizo sabata yomweyo. Bungwe lothandiza ana la Childline limayankha pa 116 kwaulere, ndipo bungwe la SADAG, loona za umoyo wa m'maganizo, lili ndi nambala ya 0800 567 567 ya amene akuganiza zodzipha. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzivulaza sikumuika maganizowo m'mutu.

Popita kukiliniki kapena kusukulu tengani pepala limene mwalembapo zimene mwaona, ndi pamene zinayambira. Nesi ali ndi mzere wautali panja. Mukangoti "mwanayu sacheza" alibe pogwira. Mukati "wasiya kudya chamasana, sagona mpaka 2 koloko usiku, zinayamba titasamukira ku Berea mwezi wa Marichi," adziwa koti akutumizeni.